Chimfine kapena Covid? Tesiti iti, tsiku liti, komanso zotsatira muziwerenge bwanji

Ikangofika June ndi July kuno kwathu nyumba iliyonse mumamveka kutsokomola, ana mamina ali chuchuchu, akulu mutu ukuwawa thupi lonse likuphwanya, nde funso limakhala lomwe lija, kodi ndi chimfine wamba, ndi malungo, kapena Covid ija yabweranso? Ambirife tinasiya zoyezetsa chichokereni pa 5 May 2023 pomwe a WHO analengeza kuti Covid sinalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse, koma kachilomboko sikanasamuke ayi, kalipobe, ndipo kali ndi anzake monga flu ndi kena kotchedwa RSV kamene kamavutitsa kwambiri makanda ndi okalamba. Kwa munthu wamphamvu zake mwina ndi masiku atatu anayi pabedi basi, koma ngati mnyumba muli agogo, mayi woyembekezera, munthu wa shuga kapena BP, wa mphumu, kapena amene ali pa ma ARV koma chitetezo sichinakwere bwino, kudziwa chimene chalowa mnyumba nkofunika ndithu.

Ine nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa cha azakhali anga. Inali January 2021, nthawi ija matenda anavuta mpaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anamwalira tsiku limodzi pa 12 January. Azakhali anayamba kutentha thupi Lolemba, Lachiwiri mmawa anapita pa kachipatala kena kolipira, anawabaya pachala, magazi kadontho pa kachipangizo, patapita mphindi zochepa nkuwauza kuti mayi mulibe Covid pitani mukamwe panado. Anabwerera kunyumba mtima uli mmalo, anagona chipinda chimodzi ndi agogo monga mwa masiku onse, kudyera mbale imodzi. Pofika Lamlungu akulephera kumaliza chiganizo osapumira, tinathamangira nawo kuchipatala chachikulu, kuwatenga za mmphuno, pozitivu. Kachipangizo koyamba kaja sikanali kowonongeka ayi, kanali koyeza ma antibody, zida zimene thupi limapanga polimbana ndi kachilombo, ndipo pa tsiku lachiwiri la matenda thupi lawo linali lisanapange ma antibody amene kakanawaona. Anafunsa funso lolakwika pa tsiku lolakwika, ife osadziwa.

Nde choyamba kumvetsa nchakuti mawu oti "ndayezetsa" sakutanthauza chinthu chimodzi. Pali matesiti amitundu itatu ndipo iliyonse imafufuza zake. Mwayi wake ife Amalawi ziwiri mwa izi timazidziwa kale osazindikira. Kachipangizo kamene amayezera malungo pa health centre kaja kamafufuza tizidutswa ta thupi la kachilombo ka malungo mmagazi, tizidutswa timeneti ndi timene amati antigen. Pomwe kachipangizo koyezera HIV, Determine ndi Uni-Gold zija, sikamaona kachilombo kenikeniko, kamaona ma antibody, kutanthauza zida zimene asilikali a mthupi apanga polimbana ndi kachilomboko. Nchifukwa chake aphungu ku HTC amakuuzani kuti ngati mwachita zachiopsezo posachedwa mubwerenso pakapita nthawi, chifukwa thupi silipanga ma antibody tsiku lomwelo. Mukaigwira mfundo imeneyi ndiye kuti za Covid ndi flu mwazimva kale theka. Kusiyana kwake nkwakuti HIV ikalowa simachoka, nde ma antibody akapezeka ndiye kuti kachilombo kalimo, pomwe Covid kapena flu imabwera nkupita, ma antibody nkutsala miyezi yambiri munthu atachira kalekale. Mtundu wachitatu ndi PCR, imene imachitikira ku labu, iyo imafufuza RNA ya kachilombo, kutanthauza chibadwa chake chimene chili mkati mwa kachilomboko, nkuichulukitsa mobwerezabwereza mu mashini mpaka ioneke, moti ngakhale katsale kochepetsetsa imakapeza.

Kunena mwachidule, ngati mukudwala lero ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi Covid kapena flu, tesiti yake ndi ya mmphuno, kaya antigen kaya PCR. Wina akatulutsa kobayira pachala pa funso limeneli mufunseni mwaulemu kuti adokotala, kameneka kakufufuza chani, malungo kapena ma antibody? Ngati ndi malungo zili bwino kwabasi, kutentha thupi kulikonse kuno malungo ayenera kuyezedwa, ndipo munthu atha kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Koma ngati akuti akuyeza Covid ndi magazi a pachala pa tsiku lachiwiri, zotsatira zake musazidalire.

Tsopano kuwerenga masiku, apa ndi pamene anthu ambiri timaphonya. Tsiku limene munayamba kumva zachilendo mthupi, kaya ndi kukhosi kuyabwa kaya kutopa kosadziwika bwino, lilembeni mu foni, chifukwa pakapita masiku anayi mutu ukuwawa simudzakumbuka ngati linali Lachitatu kapena Lachinayi, ndipo adokotala adzakufunsani. Covid ikalowa mthupi imatha kutenga masiku 2 mpaka 14 isanaonetse zizindikiro, kawirikawiri pafupifupi 5, ndipo chibwerereni Omicron imene inadziwika ku South Africa ndi Botswana mu November 2021 nthawiyi inafupika kufika masiku atatu kapena anayi. Flu ndiye yachangu, tsiku limodzi mpaka anayi. Tanthauzo lake nlakuti ngati munali pamaliro kapena mu minibasi dzulo ndipo lero mwamva kuti amene munakhala naye pafupi wapezeka nayo, kuyezetsa lero nkutaya ndalama, kachilombo ngati kalowa sikanachulukane mokwanira. Dikirani masiku asanu ngati simukumva kalikonse, koma masiku amenewo muzivala masiki mukakhala pafupi ndi okalamba. Ngati zizindikiro zayamba, yezetsani pompo osadikira.

Kwa amene mwagula kachipangizo ka antigen ku famase kapena abale a ku Joni kapena ku UK akutumizirani, yambani mwaona deti pa bokosi. Zambiri zimene zili mmadirowa mwa anthu ndi za 2021 ndi 2022, zinatha mphamvu kalekale, timadzi take pena tinauma. Komanso zimafuna kusungidwa pamalo osapitirira madigiri 30, nde kachipangizo kamene kakhala pawindo kapena mu galimoto October yense, kapena pamwamba pa kabati mnyumba ya malata yopanda siling'i ku Nsanje kapena ku Salima, kakayikireni. Sambani mmanja ndi sopo, minani kaye, yalani zonse pa tebulo loyera, kachipangizoko musakatsegule mu pepala lake mpaka nthawi yoti mukagwiritse ntchito yakwana. Kamtengo ka thonje kagwireni kumapeto, thonjelo lisakhudze chala kapena tebulo. Lowetsani mmphuno pafupifupi masentimita awiri, molunjika kumbuyo osati mmwamba cha kumaso, nkumazunguza mokhudza khoma la mphuno kasanu kapena monga pepala lanu likunenera, kenako mphuno inayo ndi kamtengo komweko. Mukufuna kupala khoma la mphuno, osati kungotapa mamina. Misozi ikatuluka kapena mukayetsemula musadabwe, ndi mmene zimakhalira, ndipo anthu ambiri amene amapeza negetivu yabodza nchifukwa choti anangogunda pakhomo pa mphuno nkuchotsa msanga poopa kuwawa.

Mukatero viikani kamtengoko mu kabotolo ka timadzi, takasani, finyani thonjelo ndi makoma a kabotolo potulutsa, tsekani, nkudontheza pa kabowo ka kachipangizo. Madontho ake tsatirani pepala, ena amati atatu ena anayi, musawonjezere poganiza kuti zithandiza, mukathira ambiri timadzi timasefukira zotsatira nkusokonekera. Kaikeni pamalo athyathyathya, tcherani alamu pa foni, kawirikawiri ndi mphindi 15. Ndipo apa ndikupempheni, pakadutsa mphindi 30 musakawerengenso. Ndaonapo zithunzi pa magulu a WhatsApp munthu akufunsa kuti taonani kamzere aka katuluka mmawa uno pa tesiti ya dzulo madzulo, kameneko nkamzere kobwera chifukwa pepala lauma, sikakutanthauza kanthu.

Kuwerenga kwake nkofanana ndi kachipangizo ka mimba kapena ka malungo. Pali C ndi T. C siikuimira Covid ayi, ambiri amasokoneza pamenepa nkuyamba kulira, C ikungosonyeza kuti timadzi tayenda bwino ndipo kachipangizo kagwira ntchito. Mzere pa C pokha ndi negetivu. Mizere iwiri ndi pozitivu, ngakhale wa pa T ukhale wotuwa moti mukuchita kuuyang'anira pawindo, bola watuluka mkati mwa nthawi yake. Pa C pakapanda mzere, tayani muyambirenso ndi kena, kaya pa T pali chani.

Pozitivu ya antigen mwa munthu amene akudwala ndi yodalirika kwambiri, ikhulupirireni, ndipo nthawi zambiri imatanthauza kuti kachilombo kachuluka mmphuno ndipo mutha kupatsira ena. Negetivu ndi imene imafuna nzeru. Antigen siona bwino kachilombo kakakhala kochepa, makamaka tsiku loyamba ndi lachiwiri, ndipo kwa anthu amene anabaya katemera kapena anadwalapo kale thupi limayamba kulimbana msanga moti zizindikiro zimatha kuyamba kachilombo kasanachuluke mmphuno. Nde ngati mukudwala koma yatuluka negetivu, bwerezani pakapita maola 48, ndipo pakati apa dzitengeni ngati muli nayo, gonani panokha ngati malo alipo, mawindo otsegula, agogo atalikire. Ngati malo palibe, poti nyumba zathu zambiri ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri, masiki ndi mawindo zimathandizabe, ndipo kudyera panja pakhonde nkwabwino kuposa kuunjikana mkati.

PCR ndiye imaona zimene antigen yaphonya. Nthawi ya mliri zipatala zambiri za mmaboma zinkagwiritsa ntchito mashini a GeneXpert, omwe aja oyezera makhololo a TB, kungosintha katiriji yake, ndipo pali makatiriji ena amene amayeza Covid, flu ndi RSV pakamodzi. Ubwino wa PCR ndi womwenso umasokoneza anthu. Poti imapeza ngakhale zinyenyeswa za kachilombo kakufa, munthu atha kuchira bwinobwino nkumatulukabe pozitivu kwa masabata angapo, ena mpaka miyezi itatu. Zimenezi zinazunza anthu ambiri ofuna kudutsa pa Mwanza kapena kukwera ndege ku Chileka ndi ku KIA nthawi imene ankafuna satifiketi. Nde ngati abwana kuntchito akuti bwerani ndi PCR ya negetivu kuti muyambenso ntchito, afotokozereni kuti PCR siyeza ngati munthu wachira kapena ngati angapatsire ena, pa funso limenelo antigen ndi imene ili pafupi ndi yankho. Zofanana ndi malungo, kachipangizo kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri masabata angapo mutamaliza LA, chifukwa tizidutswa tija timachedwa kuchoka mmagazi.

Tibwere ku ma antibody, poti ndi pamene pamagona chisokonezo chachikulu komanso pamene anthu amaluza ndalama. Kachilombo kakalowa, thupi limayamba kaye ndi chitetezo chachangu, kutentha thupi kuja ndi mbali yake. Kenako maselo ena a mmagazi otchedwa B amaphunzira maonekedwe a mdaniyo nkuyamba kupanga ma antibody oyenerana naye ndendende, ngati kiyi ndi loko wake. Kuphunzira kumeneku kumatenga nthawi, kwa anthu ambiri sabata imodzi mpaka atatu chiyambireni kudwala. Pa pepala la zotsatira mudzaona IgM ndi IgG. IgM imabwera msanga nkutha pakapita masabata kapena miyezi yochepa, IgG imakhalitsa miyezi yambiri. Mmabuku amati IgM imatsogola, koma pa Covid ziwirizi zimatuluka pafupifupi nthawi imodzi, choncho munthu akakuuzani kuti IgM yanu ili pozitivu ndiye kuti muli ndi Covid panopa, sizoona kwenikweni, yankho la panopa lili mmphuno. Palinso IgA imene imakhala mmamina ndi mmalovu, imagwira ntchito pakhomo penipeni pamene kachilombo kamalowera, koma matesiti a pachala sayeza imeneyo.

Katemera nayenso amapangitsa ma antibody, ndiyo ntchito yake. AstraZeneca imene inafika kuno kudzera ku COVAX, ndondomeko ija yogawira mayiko katemera, mu March 2021, komanso Johnson & Johnson ndi Pfizer zimene zinabwera pambuyo pake, zonse zimaphunzitsa thupi kuzindikira minga ya kunja kwa kachilombo, imene amati spike kapena S. Nde ngati munabaya ndipo tesiti yanu ikuyeza ma antibody a S, ituluka pozitivu ngakhale simunadwalepo. Yofuna kudziwa ngati munadwalapo iyenera kuyeza a N, puloteni ya mkati mwa kachilombo. Anzathu amene munabayira Sinopharm kapena Sinovac ku Zimbabwe, akatemera amenewo anapangidwa ndi kachilombo kathunthu kophedwa, choncho inu ngakhale a N atha kupezeka chifukwa cha katemera. Koma katemera aliyense mwa amenewa sangapangitse kuti tesiti ya mmphuno ituluke pozitivu, mukabaya Lolemba nkupezeka pozitivu mmphuno Lachinayi ndiye kuti munatenga kachilombo kenikeni kwinakwake, mwina pamzere pomwepo.

China chimene ndimafuna anthu amve, pozitivu ya antibody si chiphaso choti simungadwalenso. Ma antibody amachepa miyezi ikamapita, ndipo kachilombo nako kamasintha maonekedwe, nchifukwa chake Omicron inagwira anthu ambiri amene anadwalapo kale ndiponso nchifukwa chake katemera wa flu mmayiko amene amabaya amamukonzanso chaka chilichonse. Mbali inayo, negetivu sikutanthauza kuti thupi laiwala, pamatsala maselo okumbukira ndi maselo a T amene kachipangizo sikawaona, ndipo amenewa amathandiza kwambiri kuti matenda asafike poti munthu agonekedwe pa okosijeni. Anthu amene chitetezo chawo ndi chofooka, monga amene akulandira mankhwala a khansa kapena CD4 yatsika kwambiri, thupi limatha kupanga ma antibody ochepa kapena mochedwa, iwowa asadalire kuti poti ndinadwalapo ndiye basi.

Nanga phindu la tesiti ya antibody lili pati? Lili pa kafukufuku wa anthu ambiri. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anayeza magazi osungidwa a anthu opereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, nkupeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka anali ndi ma antibody a Covid, kutanthauza kuti matendawa anafalikira kwambiri kuposa manambala amene tinkamva pa wailesi madzulo aliwonse. Ntchito ngati imeneyo ndi imene ma antibody amaikwanitsa bwino. Madokotala amathanso kuigwiritsa ntchito pofufuza mwana amene wadwala modabwitsa masabata angapo Covid itadutsa mnyumba. Koma inu ndi ine tili ndi chifuwa cha masiku awiri, ndalama imeneyo bola kugulira zipatso.

Pali nthawi imene simuyenera kudikira tesiti iliyonse. Munthu akamapuma mobanika atangokhala, akulephera kumaliza chiganizo, pachifuwa pakupweteka, milomo yasintha mtundu, akusokonezeka mutu kapena akungogona osadzutsika, nyamukani usiku womwewo. Ngati muli ndi kachipangizo kopanira chala koyeza okosijeni, ikatsika pansi pa 94 akaonedwe, ikafika pa 90 kutsika ndi ngozi, ndipo dziwani kuti kamatha kuonetsa nambala yokwererapo pang'ono pa khungu lakuda komanso kamasokonezeka chala chikazizira kapena pakakhala kyuteksi, choncho munthu akuoneka kuti akuvutika musamutsutse chifukwa cha nambala. Kwa mwana, mvuleni malaya ali phee osalira, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana wotchi. Wosakwana miyezi iwiri akafika 60, wa miyezi 2 mpaka 12 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika 40, kumeneko nkupuma mothamanga ndipo chitha kukhala chibayo. Pansi pa nthiti pakamalowa mkati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, musadikire kuche.

Ndipo kaya zotsatira zatuluka bwanji, amokisilini ndi bakitirimu zogula pa golosale sizipha kachilombo ka Covid, flu kapena RSV, zimagwira mabakiteriya okha, kumwa mwachisawawa kumangopangitsa kuti tsiku limene mudzazifunedi zidzakane kugwira. Asiyeni adokotala aone ngati chibayo cha bakiteriya chalowererapo. Mankhwala enieni a flu, oseltamivir, amagwira bwino akayambidwa mkati mwa maola 48, nchifukwa china chimene deti ija ndati mulembe ili yofunika. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ndi thukuta la usiku ndi kuonda, iwalani za Covid kaye mukapereke makhololo ayeze TB, mzipatala za boma ndi zaulere, ndipo amene muli ndi HIV musadikire nkomwe masabata awiriwo.

Azakhali anakhala pa okosijeni masiku asanu ndi limodzi nkutuluka. Agogo anayamba kutsokomola patangopita masiku atatu azakhali atagonekedwa, ulendo uno tinali titaphunzira, tinapita nawo tsiku lomwelo nkupempha ya mmphuno, yoyamba inatuluka mzere umodzi, tinawagoneka chipinda chaokha mawindo otsegula ngakhale ankadandaula udzudzu, titabwereza patapita masiku awiri mzere wachiwiri unatuluka wooneka bwinobwino. Tinkawayeza okosijeni mmawa, masana ndi madzulo nkumalemba kuseri kwa buku lawo la kuchipatala, ndipo sinatsikepo pansi pa 95.